Wamasikelo ndi Botolo la Achemwali

Alamu anga ankakonza masikelo. Anthu ambiri dzina lawo sankalidziwa n'komwe. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale kuchipatala ankangoti Wamasikelo, ndipo iwo ankayankha. Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wina wogulitsa mabeseni, kachipinda koti mukalowa awiri wachitatu aziyankhulira pakhomo. Pakhoma panali misomali yopachikapo masikelo odwala, patebulo tizitsulo tomasulira ndi kabokosi ka miyala yoyesera, yamkuwa, yomwe sankalola munthu kuigwira ndi dzanja lamafuta. Ine ndinaigwirapo kamodzi nditangodya buledi wa majarini. Anandiyang'ana ngati ndalavula m'tchalitchi, kenako anatha theka la ola akuipukuta umodziumodzi.

Ine ndine mng'ono wa akazi awo. Ndimasoka zovala, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti pakamwa panga palibe chitseko. Alamuwo ndinawaseka zaka makumi atatu, popeza mlamu ndi wosekana naye. Ndinkawaseka mayendedwe, poti ankayenda ngati asenza mazira. Ndinkawaseka za shuga, poti supuni ankaisalaza ndi chala asanathire mu tiyi. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, “Mlamu, inu tsiku lina lilime lidzakuthawani.”

Achemwali anakumana nawo ali mtsikana, akugwira ntchito mu golosale ina. Sikelo ya m'menemo inayamba kunama, ndipo anaitana alamu. Anaikonza tsiku lomwelo, koma anabweranso katatu sabata imeneyo, ati ikufunika kuionanso. Achemwali ankati bodza lokhalo limene amuna awo ananenapo ndi limenelo. Alamu ankakana, ati sikelo yongokonza kumene imafunikadi kuionanso, kungoti mwina osati katatu.

Amalonda ena ankabwera n'kuwanong'oneza kuti aikhotetse pang'ono sikeloyo kuti izidya makasitomala. Alamu sankakalipa. Ankangoibweza m'thumba momwe yabwerera, n'kumutsegulira munthuyo chitseko chomwe chinali chotsegula kale. Chifukwa cha zimenezi sanalemere, koma msika wonse ukakangana za kulemera kwa chinthu unkathera pakhomo pawo.

Kutchalitchi ntchito yawo inali imodzi. Pa Lamulungu la Mgonero, lomwe kwathu limabwera kamodzi pa miyezi itatu, ankalawirira m'mawa kukathira vinyo mu timakapu. Timakapu mazana awiri, ndipo mukanati muwerame n'kuyang'ana thireyi cham'mbali mukanaona mzere umodzi wowongoka. Ndinawafunsa ngati Ambuye amayeza ndi rula. Anati ayi, koma palibe chifukwa choti wina alandire zochepa kuposa mnzake.

Mwana sanakhale naye. Zinawapweteka zaka zoyambirira, kenako anangozolowera kukhala awiri, wina bambo wina mayi, ngakhale panalibe wowaitana choncho koma iwo okha.

Matenda a achemwali anayambira m'mimba. Pomwe madokotala ankatchula mawu oti khansa n'kuti itafalikira kale mpaka m'mafupa a msana. Anawachita opaleshoni kamodzi, n'kutsekanso osachotsa kanthu. Dokotala anatiitanira m'kachipinda kokhala ndi mipando iwiri, ine ndinaimirira, ndipo anatiuza mosazungulira kuti chatsala ndi kuwasamalira kuti asamve ululu. Tinawatengera kunyumba. Ine ndinanyamula makina anga osokera n'kukawaika pabalaza pawo, kuti ndizigwira ntchito khutu lili kuchipinda.

Lachinayi lililonse kunkabwera anamwino a gulu loyendera odwala m'makomo, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Iwo ndi amene anabweretsa botolo la mofini, mankhwala amadzi othetsa ululu, pamodzi ndi kajakisoni kopanda singano kokokera mankhwalawo n'kuthira m'kamwa. Anawaonetsa alamu mizere ya pakajakisoniko.

“Mpaka mzere wachisanu, pa maola anayi alionse. Musadikire kuti ayambe alira. Mwamva, bambo?”

“Ndamva.”

“Awa musawadere nkhawa,” ndinatero ine. “Akhoza kukuuzani kuti mizere yanuyo ndi yokhota.”

Masabata oyamba zinayenda. Alamu anatseka shopu, wotchi anaiika patebulo la pambali pa bedi, ndipo sankaphonya ngakhale mphindi. Anaphunzira kuwatembenuza achemwali kuti asatuluke zilonda, kuwasambitsa ndi kansalu, kusintha nsalu za pabedi munthu ali pomwepo. Ine mchemwali wawo weniweni zina zinkandigwetsa mphwayi, koma iwo ayi.

Kenako matenda anakula kuposa mankhwala. Tsiku lina masana, ine ndikupinda m'munsi mwa diresi la munthu, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, ndinamva achemwali akuyankhula ndi mawu odekha kwambiri, ngati akupempha mchere.

“Bambo, ndipatseni lonse.”

“Lonse chiyani, mayi?”

“Botololo. Ndatopa. Mulungu akudziwa kuti ndatopa, sangakwiye.”

Singano ndinaisiya.

“Ndipempheni china chilichonse,” anatero alamu. “Moyo wanu sindinakupatseni ine. Sindingauchotse.”

“Ndiye mukundisungiranji? Galu akamavutika chonchi mumamumvera chisoni.”

“Inu si galu. Ndinu mkazi wanga.”

Achemwali analira chapansipansi, ndipo ine pabalazapo ndinalira nawo. Ndinene zoona, popeza ndayamba. Masiku amenewo ndinkapemphera kuti Mulungu awatenge msanga, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma akanandipempha ine botololo sindikudziwa chimene ndikanachita, ndipo ndimathokoza kuti sanandiyese. Alamu anayankha bwino. Ndinkadziwa tsiku lomwelo, ndipo ndikudziwa mpaka lero.

Madzulo ake alamu anapita kukagula loko n'kukhoma kabati ya mankhwala, kiyi n'kumangirira pa lamba. Pobwerera anakumana ndi mkulu wa mpingo wina, mwini butchala, munthu wodziwa zonse amene sanawerengepo kanthu. Atamva kuti achemwali akumwa mofini anapukusa mutu. Anati mankhwala amenewo achipatala amapereka akafuna kumutsiriza munthu mwakachetechete, dontho lililonse limadula tsiku limodzi, ndipo Mkhristu amene akuthira zimenezo m'kamwa mwa mkazi wake adzayankha yekha. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Tsikulo alamu anangolowa m'nyumba nkhope itagwa, ine n'kumayesa kuti ndi zamasana zija.

Munthu wina akanangoti mwini butchala ndi mbuli, n'kuiwala. Koma mawuwo anagwera munthu amene masana omwewo mkazi wake anamupempha imfa kuchokera m'botolo lomwelo. Akagwira kajakisoni ankaona ngati akupereka pang'onopang'ono chimene anakana kupereka kamodzi. Kusiya kupereka sakanatha, poti achemwali akanafunsa. Ndiye anachita chimene sanachitirepo wamalonda aliyense. Ankakoka mankhwala mpaka mzere wachiwiri, kotsalako n'kudzaza ndi madzi mpaka wachisanu.

Anachita zimenezi masiku khumi ndi limodzi, poti Lachinayi la pakati anamwino sanabwere, anali ku maphunziro.

Masiku amenewo sindifuna kuwafotokoza onse. Achemwali anali munthu woti ngakhale atapsa ndi mafuta otentha ankangoti “ayi” pang'ono n'kupitiriza kuphika. Munthu ameneyo anakuwa mpaka mawu anatha. Analuma pilo mpaka kung'amba nsalu yake, ine ndinasoka ina, anang'ambanso. Oyandikana nawo nyumba ankakweza wailesi, osati mwa nkhanza, koma chifukwa ana awo ankachita mantha. Ndinatukwana chipatala, ndinatukwana anamwino osabwerawo, ndipo tsiku lina ndili m'bafa ndinamuuza Mulungu mawu amene sindingawalembe pano. Alamu ankagwada pambali pa bedi, atagwira dzanja la achemwali, akupemphera milomo yokha ikugwedera. Anaonda masiku amenewo kuposa wodwala. Ine ndinkawamvera chisoni, mpaka kuwaphikira tiyi.

Anamwino atabwera anangoima pakhomo la chipinda, kumvetsera kubuulako, n'kupempha botolo. Anali atabweretsa lina poganiza kuti loyamba latha. Analinyamula n'kuliyang'anira pawindo. Linali lisanafike n'komwe pakati.

Anatitulutsira pabalaza n'kutseka chitseko.

“Bambo, mukupereka bwanji mankhwalawa?”

Alamu kunama sankakudziwa. Ananena zonse ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu, za pempho lija, za mwini butchala, za mzere wachiwiri ndi madzi.

Zimene ndinanena ine sindizikumbukira zonse, koma zina ndikuzikumbukira bwino. Ndinati chiyero chawo chinali chonunkha. Ndinati asamba m'manja ndi misozi ya mchemwali wanga. Ndinati akufuna kukalowa kumwamba atavala zoyera pomwe mkazi wawo akudya pilo. Sindinakuwe, poopa kuti achemwali amva, ndipo mawu onong'ona amalasa kuposa okuwa.

Anamwino anandikhazika pansi ndi dzanja limodzi, n'kutembenukira kwa alamu.

“Bambo, inenso ndimapemphera. Ntchito iyi ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndipo sindinaphepo munthu. Chimene chikuwapha amayiwa ndi khansa. Mankhwalawa, pa mlingo umene ndinakupatsani, akungochotsa ululu kuti masiku amene Mulungu wawasiyira akhale masiku a munthu. Botolo lonse kamodzi, kumeneko ndiye kupha, ndipo munachita bwino kukana. Koma izi ndi zina.”

Alamu anapempha kuti abusa abwere kaye. Ndinafuna kuwagenda ndi sizasi, koma anamwino anatumiza uthenga ndipo abusa anafika pasanathe ola. Anali munthu wachikulire, wosathamanga poyankhula. Atamva nkhani anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

“Lamulo limatiletsa kupha,” anatero. “Silitiuza kuti tisiye munthu akukuwa pomwe chothandiza chili m'kabati. Kufulumizitsa imfa si kwathu, ndipo kuwonjezera ululu si kwathunso. Kawapatseni, abale. Ine ndiima pambali panu.”

Alamu anakoka mpaka mzere wachisanu ndi chimodzi, monga anamwino anawonjezera tsikulo. Anathira m'kamwa mwa achemwali, abusa atawagwira pachigongono. Achemwali anagona maola asanu. Atadzuka anapempha tiyi, ndipo atandiona anati diresi limene ndavala likundikalambitsa.

Anakhala masabata ena atatu, ambiri mwa masikuwo ali phee. Ankamvetsera wailesi, ankafunsa za anthu a kumsika, tsiku lina mpaka tinawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa. Tinagwirizana kuti za madzi zija tisawauze. Alamu ankafuna kupepesa, koma anamwino anati adikire kaye wodwala apezeko mphamvu, ndipo iwo anadikira. Tsiku lililonse ankaona kuti mawa ndiye labwino.

Lachitatu la sabata yomaliza, alamu atapita kuchipatala kukatenga botolo lina, ndinali ndikuwadzoza achemwali mafuta kumapazi. Unali m'mawa, ndipo mutu wawo unali bwinobwino.

“Iwe,” anatero, “ukuyesa sindinkadziwa?”

“Chiyani, achemwali?”

“Za madzi. Mankhwala aja ndi owawa ngati ndulu. Masiku aja ankangomveka ngati madzi otsukira kapu.”

Ndinasiya phazi lawo.

“Ndiye bwanji simunanene? Munkafa ndi ululu inu!”

“Ndinali nditawaopseza ndekha. Ndinawapempha chinthu choti sindikanayenera kuwapempha, ndipo ndinaona m'maso mwawo mmene chinawathyolera. Ndikanati ‘wonjezerani’ akanamva ngati ndikupemphanso chomwe chija. Alamu ako ndi munthu wamantha pamaso pa Mulungu wake. Ndinawakwatira ndikudziwa.”

Kenako anapitiriza.

“Ndikufuna uwauze ndikapita. Ndikawauza ine alira, ndipo mphamvu zowatonthoza ndilibe. Uwauze kuti ndinkadziwa, ndipo palibe mlandu. Uwauzenso kuti anachita bwino kundikaniza botolo lija, poti masabata awa ndawakonda. Wamva?”

“Ndamva.”

“Usawasekenso nazo. Ndikukudziwa iwe.”

Anamwalira Lachisanu cha m'ma teni m'mawa, alamu atawagwira dzanja, ine ndili kumapazi. Anangopuma kamodzi mozama, osapumanso.

Uthengawo ndikanaupereka tsiku lomwelo. Ndinali nawo pakamwa. Koma pamaliro anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi kuyamikira Wamasikelo. Ati mwamuna ngati ameneyu sapezeka, ati anasamalira mkazi wake ngati khanda, ati achinyamata atengere chitsanzo. Mwini butchala nayenso anaimirira, atavala jekete lothina, n'kunena za chikhulupiriro chosagwedezeka. Ine m'makutu mwanga munali mukumvekabe kukuwa kuja. Mtima unandiwira, ndipo ndinadziuza kuti achemwali anakhululuka msanga chifukwa anali munthu wabwino, koma ine sindine iwo. Ndinati alamu avutike kaye mwezi umodzi, alaweko pang'ono, kenako ndiwauza.

Mgonero woyamba pambuyo pa maliro, alamu analawirira monga mwa masiku onse n'kuthira timakapu tawo. Thireyi itafika pa benchi yawo anailandira n'kupatsira woyandikana naye osatengapo. Buledi anachitanso chimodzimodzi. Ine ndinaona ndili kumbali ya amayi, ndipo ndivomere kuti mumtima ndinati eya.

Abusa anawayendera kangapo. Anandiuza okha zimene alamu ankayankha, poganiza kuti mwina ine ndingathandize.

“Akuti sakukayika kuti Mulungu amakhululuka. Koma akuti munthu asanafike pa gome la Ambuye amayamba wakagwirizana ndi amene anamulakwira, ndipo amene iwo anamulakwira anapita asanamupepese. Ndawauza kuti chifundo cha Mulungu sichiima pa manda. Amangoti, ‘Ndamva, abusa,’ basi. Inu monga mlamu wawo, palibe chimene malemu ananenapo?”

Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti achemwali masiku omaliza sankayankhula zambiri.

Mwezi uja unakhala chaka. Mkwiyo unatha, poti mkwiyo nawo umatopa, koma pamalo pake panabwera manyazi. Ndikanayamba bwanji? Kuti alamu, ndakhala ndi mawu a akazi anu chaka chathunthu ndikukuonani mukupatsira thireyi? Chaka chachiwiri zinavuta kuposa choyamba. Ndinkakonza mawu m'njira popita kwawo, ndikafika n'kuyamba kuwaseka za makatani akuda. Ndinkawachapira, ndinkawapititsira chakudya Loweruka, ndinawasokera malaya anayi osawauza chifukwa. Mgonero ine ndinkadya, ndipo vinyo amene anathira iwo ankanditsamwa.

Shopu anatsegulanso, koma ntchito inali itachepa, poti amalonda anayamba kugula masikelo a mabatire amene akafa amangotayidwa. Nthawi yotsalayo anaipeza pochita china. Anamwino aja anayamba kuwatenga popita m'makomo momwe munali odwala otsala pang'ono, makamaka kumene achibale ankaopa botolo. Alamu ankakhala pansi ndi mwamuna kapena mwana wa wodwalayo n'kufotokoza zimene iwo anachita, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono, mpaka kutchula masiku khumi ndi limodzi. Kenako ankatenga kajakisoni n'kuloza ndi chikhadabo.

“Mzere wake ndi uwu. Musapitirire, komanso musachotsere. Ine ndinachotsera.”

Ndinamva kuti bambo wina wodwala chiwindi anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti amuthandize kufa, popeza ana ake akana. Alamu anamuuza kuti zimenezo sangachite, koma kuchoka sachoka. Anapita kwa bamboyo masana alionse kwa milungu isanu ndi umodzi, kumumeta ndevu, kumuwerengera nyuzipepala, kukangana naye za mpira umene iwo sankaudziwa n'komwe, mpaka tsiku limene anamwalira. Anthu a m'makomo amenewo ankawakonda kwambiri. Koma miyezi itatu iliyonse thireyi inkadutsa m'manja mwawo osatengapo kanthu.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, tsiku lina masana anabwera kwanga atanyamula mathalauza awiri m'pepala. Anati akuwagwa, ndiwabwezeko m'chiuno. Ndinawaimika pakati pa chipinda changa chosokera, pakati pa milu ya nsalu, n'kuwazunguliza tepi. Manambala a makasitomala anga ndimawasunga m'mutu, ndipo a alamu ndinkawadziwa kuyambira pa suti ya ukwati wawo. Anali atataya zala zinayi zathunthu. Ndinayang'ana khosi lawo mmene linkasambira mu kolala, ndi mmene ankapumira atangoyenda kuchokera pamsewu.

“Mwapita kuchipatala?”

“Ndinapita. Akuti mtima watopa. Andipatsa timapiritsi.”

Ndinachotsa mapini amene ndinaluma, n'kuwaika m'mbale yake. Ndinawauza kuti akhale pampando wa makasitomala. Ine ndinakhala pa wa makina.

“Alamu, ndili ndi mawu anu. Achemwali anandituma.”

Ndinanena zonse monga anandiuzira, osachotsa kapena kuwonjezera. Lachitatu lija, mafuta kumapazi, madzi otsukira kapu. Kuti ankadziwa. Kuti palibe mlandu. Kuti anachita bwino kukana botolo, ndipo masabata atatu aja anawakonda. Ndinanenanso za ine, za pamaliro, za mwezi umodzi umene ndinawaweruza, ndi zimene ndinawayankha abusa. Pomaliza ndinali ndikulira moti mawu ena ndinachita kubwereza.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. M'maso mwawo munalengeza misozi, ndipo ndinaganiza kuti zatheka. Kenako anamwetulira, kumwetulira kuja kwa masiku amene ndinkawaseka za shuga.

“Zikomo, mlamu. Mwaikonza bwino. Mpaka za madzi otsukira kapu, ndi mmene akanayankhuliradi.”

“Sindinakonze ine. Ndi mawu awo.”

“Mwayeza chiuno changa, mwaona kuti ndatsala pang'ono, ndiye mwati mundithandize. Ndikumvetsa, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma musadzinamizire zoipa chifukwa cha ine.”

“Alamu, ndikulumbira pamaso pa Mulungu.”

“Ayi, musalumbire.” Anakweza dzanja mofatsa. “Ine ndakudziwani zaka pafupifupi makumi anayi. Mumakalipa, mumatukwana ngakhale nkhuku ikakudutsani, koma nkhanza mulibe. Ndani wandichapira zaka zonsezi? Mawu ngati amenewo, akanakhala kuti anakutumanidi, mukanandiuza maliro asanatuluke m'nyumba. Inu si munthu woti mungandione ndikupatsira thireyi zaka zisanu ndi ziwiri muli nawo m'kamwa.”

Ndinagwada pansi pa zidutswa za nsalu, ine amene sindinagwadirepo mwamuna. Anandidzutsa okha, akupuma movutikira, n'kundifunsa kuti mathalauzawo adzawatenge liti.

Ndinayesanso kawiri. Ndinapita kwa abusa n'kuulula zonse, ndipo iwo anandikhulupirira, poti abusa amadziwa zimene anthu amatha kuchita. Tinapita limodzi kwa alamu. Anatilandira bwino, anatiphikira tiyi, ndipo potiperekeza anauza abusa kuti asandidzudzule, ndachita zimenezi chifukwa cha chikondi.

Anamwalira patatha miyezi inayi, atakhala pampando wa mu shopu yawo masana, Mgonero wina utadutsa osatengapo. Mpaka tsiku lomaliza ankakhulupirira kuti ine ndine munthu wabwino.